Kodi kantchentche ka pazipatso kamagona tulo, nanga kamadziwa bwanji nthawi?

Funso la lero lachokera kwa wowerenga amene amagwira ntchito ya usiku. Iye walemba kuti: "Ndinamva kuti akatswiri ena analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofufuza za tulo pogwiritsa ntchito tintchentche tija timaunjikana pa zipatso zakupsa. Kodi kachilombo kakang'ono chotero kamagonadi, kapena kamangoima chabe? Ngati kamagona, n'chiyani muubongo wake chimene chimakauza nthawi? Ndikufunsa chifukwa ine ndikaweruka m'mawa ndimakhala nditatheratu, koma ndikagona, tulo timandithawa dzuwa lisanafike paliwombo."

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Ndiloleni ndiyambe ndi kuwongola pang'ono zimene munamvazo, chifukwa yankho lonse lagona pamenepo. Mphoto ya Nobel imene Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mu 2017 inali ya ntchito yawo yofotokoza mmene wotchi ya m'thupi imayendera, ndipo wotchiyo ndi tulo, ngakhale zimayendera limodzi, zili ndi eni ake osiyana. Muubongo wa kantchentche kameneka, kamene dzina lake la sayansi ndi Drosophila melanogaster, muli gulu la maselo limene ntchito yake ndi kudziwa nthawi, ndipo pamalo ena mulinso maselo amene amasunga chiwerengero cha nthawi imene kantchentcheko kakhala kali maso. Oyambawo amanena kuti tulo tibwere liti, enawo amanena kuti tikufunika tochuluka bwanji. Akagwirizana, tulo timakhala tokoma. Zimene zikukuchitikirani inuyo mukaweruka ndi zimene zimachitika awiriwa akasemphana.

Kantchentche kalibe zikope, choncho palibe amene angakaone katatsinzina, ndipo kwa zaka zambiri ofufuza ankangolemba kuti kapuma. Zinthu zinasintha mu 2000, pamene magulu awiri, lina la Joan Hendricks ndi Amita Sehgal ku University of Pennsylvania, lina la Paul Shaw, Chiara Cirelli ndi Giulio Tononi ku San Diego, anaonetsa, lililonse palokha, kuti kupuma kumeneku kuli ndi zizindikiro zonse za tulo. Kantchentche kakafuna kugona kamasankha malo, n'kutsitsa thupi pang'ono. Kakakhala chete kwa mphindi zisanu, kugwedeza kochepa kumene kukanakadzidzimutsa kali maso sikukakhudzanso, koma mukakagwedeza mwamphamvu kamadzambatuka nthawi yomweyo, ndipo apa ndi pamene tulo timasiyanira ndi kukomoka. Umboni waukulu kuposa wonse ndi wakuti mukakaletsa kugona usiku wonse, mawa lake kamagona nthawi yaitali kuposa masiku onse, kubweza tulo timene kanataya. Kafeini, wopezeka mu khofi ndi tiyi, amakachotsa tulo, mankhwala ena a chimfine ndi ziwengo amene amawodzeretsa anthu amakawodzeretsanso, tintchentche tongobadwa kumene timagona kwambiri, ndipo tokalamba timagona modukizadukiza ngati mmene amachitira anthu achikulire.

Kayezedwe kake n'kosavuta, ndipo kukuthandizani kumvetsa zonse zotsatira. Kantchentche kamodzi amakaika m'kachubu ka galasi kotalika ngati chala chaching'ono, kopapatiza mamilimita asanu okha. Mbali ina ya kachubuko kumakhala chakudya cha shuga, mbali inayo yotsekedwa ndi thonje. Timachubu 32 timalowa m'chipangizo chimodzi, ndipo pakati pa kachubu kalikonse pamadutsa kuwala kumene kantchentcheko sikakuona. Kakadutsa pamenepo, kompyuta imalemba. Pakatha sabata, wofufuza amakhala ndi chithunzi cha moyo wonse wa kachilomboko: phiri limodzi la kuyendayenda m'bandakucha, phiri lina kachisisira, tulo tambiri usiku, ndi tulo ta masana pakati pake, makamaka kwa tatimuna. Chochititsa chidwi pa chithunzicho ndi chakuti kuyendayenda kumayamba kukwera maola angapo nyali ya m'chipinda chofufuzira isanayake, ndipo madzulo kumakweranso nyali isanazime. Kantchentcheko kamayembekezera. Mukazimitsa nyali zonse n'kukasiya mumdima wa ndiweyani kwa milungu, kutentha kuli kosasintha, kamapitirizabe kudzuka ndi kugona pafupifupi maola 24 alionse. Nthawi imene kakutsatirayo ili m'kati mwake.

Amene anayamba kupeza gwero la nthawiyo ndi Ronald Konopka, wophunzira wa Seymour Benzer ku Caltech. Tintchentche timeneti timakonda kutuluka m'chikwa m'bandakucha, choncho Konopka anasokoneza majini a makolo ndi mankhwala n'kumafufuza ana amene ankatuluka pa nthawi yolakwika. Ndikamati majini pano ndikunena timalangizo ta chibadwa tolembedwa mu DNA, osati majini ovutitsa anthu aja, ngakhale kuti awa nawonso amalamulira mwini thupi asakudziwa. Mu 1971 awiriwa analengeza mitundu itatu yachilendo: wina tsiku lake linali la maola 19, wina la maola 28, ndipo wachitatu unalibe nthawi konse, unkangodzuka ndi kugona mwachisawawa. Zolakwika zonse zitatu zinapezeka pa jini imodzi, imene anaitcha period. Pa nthawiyo akatswiri ambiri sankakhulupirira kuti khalidwe la nyama lingadalire jini imodzi motero, ndipo panatenga zaka 13 kuti jiniyo ipatulidwe, ntchito imene inachitika mu 1984 ku Brandeis University kwa Hall ndi Rosbash komanso ku Rockefeller University kwa Young.

Mmene jini ingakhalire wotchi ndi nkhani imene ndikufuna tiimepo pang'ono. Jini ndi malangizo opangira puloteni. M'selo la wotchi muli mapuloteni awiri, Clock ndi Cycle, amene amagwirana n'kutsegula majini awiri, period ndi timeless; yachiwiriyi inapezeka mu 1994 kwa Young. Kuyambira masana mpaka madzulo, uthenga wochokera ku majini awiriwa umachuluka m'selo. Koma puloteni ya Period siichuluka msanga, chifukwa ikangopangidwa, puloteni ina yotchedwa Doubletime imaiika chizindikiro chakuti iphwanyidwe. Imapulumuka pokhapokha ikagwirana ndi mnzake Timeless, ndipo Timeless amatha kukhalitsa mumdima mokha. Choncho awiriwa amaunjikana pang'onopang'ono usiku, ndipo chapakati pa usiku amalowa m'phata la selo, mmene muli DNA, n'kukaimitsa ntchito ya Clock ndi Cycle. Tingayerekeze ndi mmisiri amene amasula maloko tsiku lonse, ndipo malokowo akachuluka amatseka chitseko cha nyumba yake yomwe yosuliramo. Ntchito imaima, maloko akale amathyoka mmodzimmodzi, chitseko chimatseguka, mmisiri amayambiranso. Kuzungulira kumodzi kumatenga pafupifupi maola 24. Maganizo amenewa anayamba kuoneka mu 1990, pamene Paul Hardin, Hall ndi Rosbash anapeza kuti uthenga wa period umakwera ndi kutsika tsiku lililonse, ndipo Clock, Cycle ndi Doubletime anadziwika mu 1998.

Chinsinsi cha wotchiyi chili pa kuchedwa. Puloteni ikanati izitseka jini yake nthawi yomweyo imene yapangidwa, zinthu zikanakhazikika pamlingo umodzi, osakwera, osatsika, ndipo pakanakhala palibe wotchi. Ndi maola aja amene Period amataya akuphwanyidwa, akudikira mnzake, akudikira kulowa m'phata, amene amatambasula kuzunguliraku kufika tsiku lathunthu. Kantchentche ka maola 19 kaja kali ndi Period amene amatha msanga, ka maola 28 kali ndi Period amene amachedwa kulowa m'phata. Chodabwitsa china n'chakuti kutentha, kumene kumafulumizitsa pafupifupi ntchito iliyonse ya m'selo, sikusintha kwenikweni kutalika kwa tsiku la wotchiyi, zimene Colin Pittendrigh anaonetsa kale m'zaka za m'ma 1950 pa mtundu wina wa Drosophila. Kwa kachilombo kamene thupi lake limatentha ndi kuzizira motsatira mpweya, wotchi yothamanga pa tsiku lotentha ikanakhala yopanda ntchito.

Wotchi ya pafupifupi maola 24 imafuna woikonza tsiku ndi tsiku, ndipo wokonzayo ndi kuwala. Mutu wa kantchentche ndi waung'ono ndipo chikopa chake n'chopyapyala moti kuwala kumalowa mpaka muubongo. M'maselo ambiri a wotchi muli puloteni yotchedwa Cryptochrome, imene imamva kuwala kwa buluu; ikawalidwa imagwira Timeless n'kumupereka kuti aphwanyidwe, ndipo Period, atasiyidwa yekha, amatha pambuyo pake. Maso nawonso amatumiza uthenga ku wotchi, limodzi ndi timaso tina ting'onoting'ono tobisika kuseri kwa maso enieniwo. Tsono taonani chimene chimachitika kuwala kukabwera pa nthawi yosayenera. Kukabwera usiku utangoyamba, Timeless amaphwanyidwa, koma poti uthenga womupangira udakali wambiri, selo limayambiranso kumuunjika, ndipo wotchi imachedwa. Kukabwera usiku uli pafupi kutha, uthenga uja umakhala utatha, Timeless sabwereranso, selo limaona ngati kwacha, ndipo wotchi imafulumira. Kuwala komweko, zotsatira ziwiri zosiyana, malinga ndi nthawi. Mukasiya nyali chiyakire usana ndi usiku, Timeless sapeza mpata wounjikana, ndipo kantchentche kabwinobwino kamataya nthawi ngati kaja kopanda period. Musunge mfundo imeneyi, chifukwa tiibwereranso pa nkhani yanu.

Tsopano tifike pa maselo enieniwo. Mapu a ubongo wonse wa kantchentche kachikulire, amene anasindikizidwa mu 2024 ndi gulu la FlyWire, anawerenga maselo a mitsempha oposa 139,000. Mwa onsewa, a wotchi ndi ochepa kwambiri: kwa zaka zambiri chiwerengero chodziwika chinali 150, ndipo mapu atsopanowa anachikweza kufika pafupifupi 240. Maselowa ali m'timagulu, ena m'mbali mwa ubongo pafupi ndi maso, ena pamwamba, ndipo ntchito yaikulu yowajambula ndi kuwasiyanitsa inachitidwa ndi Charlotte Helfrich-Förster wa ku Germany. Kagulu kofunika kwambiri kali ndi maselo anayi okha mbali iliyonse ya ubongo, otchedwa s-LNv, amene amatulutsa kapuloteni kotumizira uthenga kotchedwa PDF. Mu 1999 zinaoneka kuti tintchentche topanda PDF sitiyembekezeranso kucha, timayamba msanga zochita za madzulo, ndipo tikaikidwa mumdima timataya nthawi patangopita masiku ochepa. Selo lililonse la wotchi lili ndi kuzungulira kwakekwake, ndipo popanda wina woimba ng'oma, aliyense amavina payekha mpaka gule atabalalika. PDF ndiye ng'omayo.

Mu 2004, gulu la François Rouyer ku France ndi gulu la Rosbash anachita zinthu zofanana: anatenga tintchentche topanda wotchi n'kubwezeretsa wotchiyo m'kagulu kamodzi kokha ka maselo, kapena kuchotsa kagulu kamodzi n'kusiya ena. Anapeza kuti maselo a PDF aja ndi amene amabweretsa phiri la m'mawa, pamene kagulu kena, makamaka maselo otchedwa LNd, kamabweretsa phiri la madzulo. Kuyambira pamenepo amangotchedwa maselo a m'mawa ndi maselo a madzulo. Kugawana ntchito kotereku kumathandiza kantchentche kutsatira nyengo, chifukwa usana ukatalika mapiri awiriwa amatalikirana, ukafupika amayandikana. Kafukufuku wa pambuyo pake waonetsa kuti malire a timagulu timeneti si owongoka monga mmene zinkaonekera poyamba, koma chithunzi chachikulucho chidakalipo. Kwa ine, chochititsa kaso kwambiri pa maselo a m'mawa ndi chimene María Fernanda Ceriani ndi anzake ku Buenos Aires anafotokoza mu 2008: nthambi za maselowa zimatambasuka m'mawa ngati mtengo wa masamba ambiri, ndipo usiku zimafota n'kubwerera pamodzi. Ubongo umasintha maonekedwe ake enieni tsiku lililonse, ndipo maselo amene akulankhulana m'mawa sangakhale omwewo amene akulankhulana usiku.

Wotchi imakhudza tulo kudzera m'njira zingapo. Pafupi ndi maselo anayi aja pali ena akuluakulu, l-LNv, amene amamva kuwala ndipo amadzutsa kantchentche. Kukamada, puloteni ina imene Mark Wu ndi anzake ku Johns Hopkins University anaitcha Wide Awake imachuluka m'maselowa n'kuwachititsa kumva kwambiri GABA, mankhwala a muubongo amene amatontholetsa maselo. Odzutsawo akatonthola, tulo timapeza njira. Tintchentche topanda puloteniyi timachedwa kugona usiku ukayamba. Pamwamba pa ubongo pali kagulu ka DN1, kamene kamalandira uthenga wa kutentha ndiponso kamatha kutontholetsa maselo a m'mawa ndi a madzulo, motero kamathandiza kubweretsa tulo ta masana. N'chifukwa chake kukatentha kantchentche kamasintha nthawi imene kamagona masana ndi usiku.

Komabe wotchi si imene imapanga njala ya tulo, ndipo umboni wake ndi woonekeratu. Kantchentche kopanda period kamagonabe, kungoti tulo take timamwazikana usana ndi usiku womwe, ndipo mukakaletsa kugona kamabwezabe pambuyo pake. Wotchi yafa, koma wowerengera uja ali moyo. Alexander Borbély wa ku Switzerland anali atafotokoza kale mu 1982, poganizira za anthu ndi makoswe, kuti tulo timalamulidwa ndi mphamvu ziwiri zotere, koma mu kantchentche ndi mmene zinatheka kuloza maselo ake ndi chala.

Njira yoyamba inali yofanana ndi ya Konopka: kufufuza tintchentche tosagona mokwanira. Mu 2005 Cirelli ndi Tononi, atayeza mitundu 9,000, anapeza mtundu umene umagona gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a tulo ta tinzake, ndipo vuto linali pa jini yotchedwa Shaker, imene imapanga kachipata kotulutsira potaziyamu, mchere wina wa m'thupi, pa khungu la selo. Chaka chomwecho Kazuhiko Kume anafotokoza mtundu wina umene anautcha fumin, mawu a Chijapani otanthauza kusowa tulo. Mu mtundu umenewu dopamine, mankhwala a muubongo odzutsa, sachotsedwa akamaliza ntchito yake. Mu 2008 gulu la Sehgal linapeza jini ya sleepless, imene ikasowa tulo timachepa ndi magawo oposa 80 pa 100 alionse, ndipo inapezeka kuti imagwira ntchito limodzi ndi Shaker. Zala zonse zinkaloza ku zinthu ziwiri, potaziyamu ndi dopamine, koma funso linali lakuti zimenezi zikuchitikira m'maselo ati.

Apa pakufunika kudziwa chida chimodzi. Ofufuza amatha kuika m'kagulu kamodzi kokha ka maselo puloteni yomva kutentha kapena kuwala, moti akakweza kutentha pang'ono kapena kuyatsa nyali yofiira, maselo amenewo okha ndi amene amayamba kutumiza uthenga. Mu 2011, Jeffrey Donlea ndi Shaw anachita zimenezi pa maselo opita kumtunda kwa mbali ina ya pakati pa ubongo, imene m'mabuku imalembedwa kuti fan-shaped body chifukwa imaoneka ngati chokupizira mphepo. Tintchentche tinagona. Gero Miesenböck wa ku Oxford anatsatira maselo amenewa, amene ndi makumi awiri ndi mphambu zochepa, n'kupeza kuti amakhala m'mikhalidwe iwiri. Kantchentche kakagona mokwanira amakhala duu, kakasowa tulo amayamba kutumiza uthenga wa magetsi pafupipafupi. Mu 2016 gulu lake linaonetsa kuti dopamine amawazimitsa pokankhira pa khungu la selo kachipata kena ka potaziyamu kotchedwa Sandman, kamene kamataya mphamvu ya selolo ngati ndowa yobooka, pamene kachipata ka Shaker kamawathandiza kuti azitumiza uthenga.

Chotsatira chake ndi chimene ndimachiona kuti ndi yankho lolimba mtima kwambiri pa funso lakuti njala ya tulo ndi chiyani kwenikweni. Selo lililonse limapeza mphamvu kuchokera ku timagawo take totchedwa mitochondria, timene timawotcha chakudya pogwiritsa ntchito okosijeni. Pa ntchito imeneyi pamatayika tizinthu towononga, tofanana ndi tija timachititsa dzimbiri pa chitsulo. Mu 2019 gulu la Miesenböck linaonetsa kuti kachipata ka Shaker kali ndi mnzake womatirira, Hyperkinetic, amene amasintha tizinthu timeneti tikachuluka, ndipo akasintha, selo lija limayamba kutumiza uthenga wa tulo mwamphamvu. Mu 2025 anawonjezera kuti kantchentche kakasowa tulo, mitochondria za m'maselo amenewa zimaduka n'kukhala zing'onozing'ono, ndipo zimabwerera mwakale kakagona. Malinga ndi maganizo amenewa, maselo a tulo amawerengera nthawi ya kukhala maso poyeza zinyalala za moto wawo womwe. Chapafupi pomwepo pali maselo ena opanga mphete, otchedwa R5, amene Wu anaonetsa mu 2016 kuti malumikizano awo amachuluka ndi kulimba kantchentche kakamakhala maso, n'kubwerera kakagona.

Ndiyenera kukuchenjezani kuti mbali imeneyi si yokhazikika ngati ya wotchi. Mu 2023 magulu ena anaonetsa kuti chida chimene ambiri ankagwiritsa ntchito poyatsa maselo a fan-shaped body chinkayatsanso maselo angapo a m'chingwe cha mitsempha cha m'chifuwa, chimene kwa kantchentche chili ngati mtsempha wa mumsana, ndipo gawo lina la tulo tija linkachokera kumeneko. Mbali ya ubongo yooneka ngati bowa, imene imasunga zokumbukira, inadziwika kuyambira 2006 kuti ili ndi maselo ogonetsa ndi odzutsa omwe. Maselo othandizira otchedwa glia, amene kale ankaonedwa ngati zomangira chabe, ali ndi wotchi yawoyawo ndipo amakhudza kuchuluka kwa tulo. Palinso puloteni ya nemuri, imene gulu la Sehgal linafotokoza mu 2019, imene imapha mabakiteriya komanso imagonetsa, ndipo imachuluka kantchentche kakadwala. Mmene ndikuonera ine, njala ya tulo ilibe mfumu imodzi. Imamveka m'malo angapo, ndipo fan-shaped body ndi limodzi mwa malo amene mauthengawo amakumanirana.

Ngakhale funso lakuti kusowa tulo kumapha likukanganitsabe akatswiri. Mu 2019 Giorgio Gilestro wa ku Imperial College London anagwiritsa ntchito makina amene amazunguza kachubu kantchentche kakangoyamba kugona, moyo wake wonse, ndipo moyo wa tintchentcheto sunafupike kwenikweni. Chaka chotsatira Dragana Rogulja wa ku Harvard, pogwiritsa ntchito njira zina zoletsera tulo, anapeza kuti tintchentche tinafa msanga, kuti tizinthu ta dzimbiri tija tinaunjikana m'matumbo, ndiponso kuti kutichotsa kumeneko kunapulumutsa moyo ngakhale tulo tisanabwerere. Chimene ambiri amagwirizana n'chakuti kantchentche kosowa tulo kamavutika kuphunzira ndi kukumbukira.

Nanga zonsezi zikukukhudzani bwanji? Majini a wotchi ya kantchentche ali ndi abale awo mwa munthu: tili ndi majini atatu a Period, tili ndi Clock, ndipo m'malo mwa Cycle tili ndi Bmal1. Mu 2001 ofufuza a ku University of Utah anafotokoza za banja lina limene anthu ake ambiri amagona cha m'ma 7:30 madzulo n'kudzuka cha m'ma 4:30 m'bandakucha, ndipo vuto linapezeka pa jini ya Period2, pamalo pamene m'bale wa Doubletime amaikapo chizindikiro chake. Kusiyana kulipo ndithu. Wotchi yaikulu ya munthu ili ndi maselo pafupifupi 20,000, m'kachigawo ka ubongo kotchedwa suprachiasmatic nucleus, kuwala kumaifikira kudzera m'maso mokha, ndipo Cryptochrome wathu sagwira ntchito yomva kuwala koma amathandiza Period kutseka chitseko chija. Koma lamulo la nthawi ndi lomwe lija: kuwala kwa usiku utangoyamba kumachedwetsa wotchi, kwa m'mawa kumaifulumizitsa.

Mukamaweruka m'mawa, njala yanu ya tulo imakhala itafika pachimake, n'chifukwa chake mukangofika pabedi mumagona msanga. Koma wotchi yanu sinasamuke nanu kupita ku ntchito ya usiku. Dzuwa limene limakuwombani m'maso panjira yobwerera limaiuza tsiku lililonse kuti kwacha, ndipo masiku opuma, pamene mumagona usiku ngati wina aliyense, amaibwezeranso pamalo ake akale. Choncho pamene mukugona, thupi lanu likutentha, melatonin, mankhwala a m'thupi amene amachuluka usiku n'kuthandiza kugona, watsika, ndipo uthenga wodzutsa ukukwera ola ndi ola. Pakatha maola angapo njala ija imakhala yachepako, uthenga wodzutsawo n'kuiposa, ndipo mumadzuka musanakhute tulo. Palibe chimene chawonongeka m'thupi mwanu. Wotchi ikugwira ntchito yake mokhulupirika, pa nthawi imene inu simukuifuna.

Zimene mungachite zikuchokera pa mfundo zomwezi. Valani magalasi akuda pobwerera kunyumba ngati si inu amene mukuyendetsa galimoto, ndipo chipinda chogona chikhale chamdima weniweni ndi chozizira bwino, chifukwa kuwala kodutsa pa katani yopyapyala n'kokwanira kulankhula ndi wotchi. Kuntchito, kuwala kwamphamvu kukhale koyambirira kwa usiku, pamene kungachedwetse wotchi yanu, ndipo kuchepe kukamayandikira kucha. Kafeini amatenga pafupifupi maola asanu kuti theka lake lichoke m'thupi, choncho chakumwa chilichonse chokhala naye chithere m'gawo loyamba la ntchito. Ngati tulo ta m'mawa tikudukabe, musalimbane ndi bedi. Dzukani, ndipo mukagonenso kwa ola limodzi kapena awiri chakumasana kapena musanapite kuntchito, monga mmene kantchentche katatimuna kamagawira tulo take pawiri. Pa masiku opuma yesetsani kusunga maola angapo a tulo amene amagwera pa nthawi yofanana ndi ya masiku a ntchito. Koma ngati mwayamba kusinza mukuyendetsa galimoto kapena mukugwiritsa ntchito makina, kapena wina wakuuzani kuti mumaliza mkonono n'kumabanika m'tulo, kaonaneni ndi dokotala msanga, ndipo mupite ndi pepala limene mwalembapo nthawi imene munagona ndi kudzuka kwa milungu iwiri.